Ndege ya Tsiku Lachiwiri

Pansi pa hotela ina yaikulu panali chipinda chochapira, ndipo m'chipindamo munali mayi amene anasita zovala kwa zaka zambiri mpaka anzawo anaiwala dzina lawo. Onse ankangowaitana kuti Mayi Nsimbi. Chipindacho chinalibe zenera lenileni, koma kabowo kotchinga ndi mawaya kumtunda kwa khoma, komwe munthu akakweza maso ankaona nsapato za anthu odutsa mumsewu. Munali makina ochapira okalamba, olira ngati munthu wa chifuwa, ndi tebulo lalitali loyalidwa bulangete lopserera m'makona. Ngakhale m'nyengo yozizira, munthu ankatuluka m'menemo malaya atamata pamsana.

Mayi Nsimbi sankasowa kalendala. Tsiku ankalidziwa ndi zimene zatsika pa ngolo kuchokera kumwamba. Nsalu za pabedi zikabwera mulu wofika m'chiuno, ndiye kuti ndi Lolemba, alendo a kumapeto kwa sabata apita. Nsalu za pamatebulo zothimbirira msuzi zinali za pakati pa sabata. Malaya oyera a ophika, onunkha mafuta ndi anyezi, ankabwera Loweruka, ndipo akamaliza amenewo ankazimitsa nsimbi, n'kupaka mafuta pa zipsera za m'mikono, n'kukwera masitepe kupita kwawo.

Kwawoko chinali chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali. Amuna awo, mmisiri wofolera nyumba, anagwa padenga mwana akadali kumsana, ndipo sanadzukenso. Mayi Nsimbi sanakwatiwenso. Ankati mwamuna wachiwiri ali ngati malaya a mlendo, umasita uli ndi mantha. Anatsala ndi mwana mmodzi yekhayo, mtsikana wa pakamwa pakuthwa amene oyandikana nawo anamupatsa dzina loti Katsabola, chifukwa ali wamng'ono anauza mwini nyumba pamaso pa anthu kuti asanabwere kudzakalipa azikonza kaye denga. Dzinalo linamukanirira mpaka anakula nalo.

Katsabola anamaliza sukulu bwinobwino, koma ntchito inali ngati nyanga ya galu. Anagulitsako zovala za mnzake pamsika, analerako ana a eni ake, anathandizako m'saluni. Kenako kunabwera mkulu wina wovala bwino, wokhala ndi ofesi ya kapeti pamwamba pa sitolo ya nsapato, amene ankapezera atsikana ntchito za m'nyumba kutsidya la nyanja. Mayi ake anakana kaye. Anati kuli bwino kugawana buledi wouma uli pafupi kusiyana ndi kudya nyama kumene mayi ako sangamve ukalira. Mtsikanayo anawagwira mkono, n'kuwaonetsa zipsera zawo zomwe.

"Mayi, mukufuna ndidzalowe m'malo mwanu kudzenje kuja? Ndiloleni ndipite. Zaka ziwiri zokha, ndidzakutulutseni m'menemo."

Anapita. Mayi ake anamusitira zovala zonse, ngakhale masokosi.

Miyezi yoyamba foni inkalira Lachisanu lililonse masana, chifukwa kumeneko limenelo ndilo linali tsiku lopuma. Mayi Nsimbi ankakwera masitepe n'kukaima pageti lakuseri, pomwe foni inkagwira bwino. Katsabola ankaseka, ankanyoza chakudya cha kumeneko, ankatsanzira kayendedwe ka madamu ake. Tsiku lina anati kumeneko Lamulungu anthu amadzuka kupita kuntchito ngati palibe kanthu. Mayi ake sanakhulupirire. Ataika foni m'thumba anafunsa bambo wokonza mawotchi amene anali ndi kabenchi kake pafupi ndi getilo, ngati n'zoona kuti kuli dziko lotere.

Anafunsa munthu wake. Wamawotchiyo anali mkulu woonda, wa galasi lokulitsira lolendewera pakhosi, amene paunyamata wake anagwira ntchito m'sitima zapamadzi zonyamula katundu. Chilankhulo chachilendo chimene ankachidziwa bwinobwino panalibe, koma m'chilichonse anatolamo timawu ta pamsika ndi pa doko. Ankati munthu wa m'sitima amayamba waphunzira mayina a masiku, kuti adziwe pamene doko litsekedwa ndi pamene sitima inyamuka, kenako amaphunzira kutukwana, moni amabwera pamapeto. Anawauza kuti Azungu ena anatcha masiku awo mayina a dzuwa, mwezi ndi milungu yawo yakale ya nkhondo ndi mabingu, ndipo mpaka pano amaitchula milunguyo sabata iliyonse osadziwa n'komwe. Kumpoto kozizira kwambiri Loweruka amalitcha tsiku losamba ndi kuchapa. Kwina Lamulungu ndi tsiku la msika. Kum'mawa kutali kuli tsiku la moto, la madzi, la mtengo, la dothi. Ambiri amangowerenga ngati ife, lachiwiri, lachitatu, lachinayi, kungoti aliyense amayambira pake: Apwitikizi amayambira Lamulungu, Aswahili amayambira Loweruka.

"Nanga athuwa?" anafunsa Mayi Nsimbi.

"Athu ndimaona ngati anabadwira pageti la ntchito, mlongo wanga. Lolemba akulemba, Loweruka waweruka. Apakatiwa umangowerenga zala kuti mavuto atha liti."

Mayi Nsimbi anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti kumpotoko, kumene kuchapa kuli ndi tsiku lake, iwo akanawamangira chipilala. Kuyambira pamenepo, akamaliza kulankhula ndi mwana wawo ankakhala pang'ono pa benchipo, kumva nkhani za madoko.

Kenako mafoni anayamba kufupika. Katsabola anasiya kuseka. Ankalankhula monong'ona, ankati ali bwino, ankafunsa ngati denga likudonthabe, n'kudula. Lachisanu lina foni sinalire. Lotsatira sinalirenso. Mayi Nsimbi akaimba, mawu a mkazi wa m'makina ankayankha zinthu zosamveka. Anaimba m'mawa, anaimba masana, anaimba ali pa tebulo lositira nsimbi ili m'dzanja lina.

Anapita ku ofesi ya kapeti ija, n'kupeza muli makatoni a nsapato okhaokha. Mwini sitolo anati mkuluyo anasamuka kalekale, ndipo iwo sanali mayi woyamba kudzafunsa. Kupolisi anawamvetsera mwaulemu, n'kuwauza kuti nkhani za kunja zimayenda pang'onopang'ono, azibwera kudzafunsa. Ku maofesi ena anawatumiza chipinda ichi, chipinda icho, mpaka anapezeka abwerera pa khomo lomwe analowera. Achimwene awo, amene ankayendetsa lole ya mchenga, anati atsikana akafika kunja amaiwala kwawo, mwina wapeza mwamuna. Mayi Nsimbi anawayang'anitsitsa, ndipo achimwenewo anaweramitsa mutu n'kuyamba kukamba za matayala.

Chakudya chinasiya kulowa. Kuntchito anapsereza malaya a mlendo, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire, ndipo kapitawo wa chipindacho, mayi wamtima wabwino koma woopa akuluakulu, anawachenjeza kuti kachiwiri sadzatha kuwabisa. Lachisanu lililonse ankakwerabe masitepe n'kukaima pageti, foni ili m'manja. Wamawotchi anasiya nkhani zake. Ankangosuntha zida zake kuti apeze pokhala.

Miyezi inapita choncho. Ndiye Loweruka lina masana, akupinda malaya a ophika, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mawu wochokera pa nambala yachilendo. Ankalankhula anali mayi wina, mofulumira, m'chilankhulo cha kutsidya kuja, ndipo pakati pa mawu osamvekawo Mayi Nsimbi anamva dzina lenileni la mwana wawo, lotchulidwa mokhotakhota. Anakwera masitepe aja opanda nsapato imodzi.

Wamawotchi anaika foni pakhutu, anatseka maso, anamvetsera, anabwerezanso, anabwerezanso. Anati mayiyo akuoneka kuti ndi wa pamalo ena osungira atsikana othawa kwa mabwana awo. Zambiri sanazimve, koma zimene anagwira anazitchula chimodzichimodzi: mtsikana, akudwala, ndege, m'mawa, tsiku lachiwiri.

"Lachiwiri," anatero Mayi Nsimbi. "Akubwera Lachiwiri m'mawa."

"Eya, tsiku lachiwiri," anavomera mkuluyo, nayenso maso ali ndi misozi.

Anayesa kuimba nambalayo koma sinayankhidwe. Analibe nazo ntchito. Mwana anali moyo. Anatsika kukapempha kapitawo kuti Lachiwiri asabwere, ndipo kapitawo anawakumbatira. Lamulungu anakolopa chipinda chawo, anachapa bulangete, anabwereka matiresi kwa mkazi wa mwini sitolo ya utoto ija. Lolemba anagwira ntchito ngati mtsikana. Mulu wa nsalu za pabedi unatha dzuwa likadali pamutu, ndipo anzawo anawamva akuimba, chinthu chimene anali atachiiwala.

Lachiwiri anafika pabwalo la ndege ogulitsa tiyi akuyatsa kumene mbaula. Anavala diresi lawo labwino, ndipo m'chikwama ananyamula juzi, poti anamva kuti mwana akudwala. Anaima pa chingwe pomwe anthu amadikirira abale awo. Zitseko zagalasi zinkatseguka n'kutsekeka. Anatuluka amalonda okoka masutikesi, anatuluka ana asukulu, anatuluka gogo wina pa njinga ya odwala. Mtsikana aliyense woonekera patali mtima wawo unkadumpha, akayandikira n'kukhala wa eni ake. Dzuwa linakwera, linapendeka. Anafunsa mlonda, mlonda anawalozera kwa mtsikana wa pa kauntala, mtsikanayo anati sangaulule mayina a okwera ndege.

Amene anawaona anali mayi wokolopa, yemwe anali atawadutsa kangapo ndi chidebe chake. Anaima n'kuwafunsa kuti akudikira ndani. Mayi Nsimbi anamuonetsa chithunzi cha pafoni. Wokolopayo anachiyang'ana nthawi yaitali, anapukuta manja pa epuloni, n'kuchiyang'ananso.

"Mayi, mwana ameneyu anabwera dzulo."

Anafotokoza kuti anatsika ndege ya m'mawa, ali ndi jumbo yokha m'manja ndi masilipasi kumapazi, woonda kuposa pa chithunzipo, tsitsi lometedwa mwachisawawa. Anakhala pa benchi ya pakona ija kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maso ali pa chitseko cholowera. Anamupatsa madzi, anamwa. Anamufunsa dzina ndi kwawo, sanayankhe. Chakumadzulo alonda anamuuza kuti pamenepo si pogona, ndipo iye anadzuka mwamsanga ngati munthu wozolowera kulamulidwa, n'kutuluka kulowera ku msewu waukulu.

Mayi Nsimbi anapita pa benchiyo n'kuigwira. Inali yachitsulo, yozizira. Anakhala pansi penipeni, pa matailosi onyowa, diresi labwino lija lili m'madzi a sopo. Dzulo, nthawi imene mwana wawo ankayang'ana chitseko, iwo anali kudzenje kuja akuimba.

Anabwerera m'tauni osadziwa kuti akwera chiyani. Wamawotchi anali akulongedza zida zake m'bokosi. Atawaona ali okha anaimirira. Iwo anamuuza mwachidule, mawu ali phwa, kuti mwana anafika Lolemba. Mkuluyo anatsegula pakamwa, anayang'ana zala zake, anapinda chimodzi, anapinda chachiwiri, ndipo nkhope yake inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Kumeneko amayamba kuwerenga Lamulungu," anatero. "Tsiku lawo lachiwiri ndi Lolemba lathu. Ndimadziwa, mlongo wanga. Ndinakuuzanipo ndekha zoterezi pa benchi pompano. Chimwemwe chinanditseka mutu."

Mayi Nsimbi ankafuna kumulalatira, kumugwetsera mawotchi ake onse mumsewu. Koma mphamvu zake analibe, ndipo ankadziwa kuti mawu oti Lachiwiri anatuluka pakamwa pawo iwo eni.

"Tsekani bokosilo," anatero. "Muli ndi miyendo. Tiyeni."

Anayambira pa msewu wa ku bwalo la ndege, wapansi, kuima paliponse pamene panali munthu: ogulitsa zipatso, omata matayala, alonda a m'mageti, amayi osesa. Ena ankagwedeza mutu asanaone n'komwe chithunzi. Ena ankati anamuona, n'kuloza kumadzulo, wotsatira n'kuloza kum'mawa. Tsiku lotsatira anagawana, mkuluyo kudepoti ya mabasi ndi kumsika, Mayi Nsimbi m'zipatala. Anayenda m'mawodi akuyang'ana bedi lililonse. Analowa pansi pa milatho pomwe pamagona anthu osowa kwawo, anasuzumira m'nyumba zosamalizidwa kumanga, anatsata ngalande ya madzi oipa mpaka pomwe imathera. Ankaitana dzina la mwana wawo mpaka mawu anasasa, kenako ankangoyendetsa milomo.

Kuntchito kapitawo anawabisa momwe akanathera, koma zovala sizidikira maliro a munthu. Anabweretsa mayi wina pa tebulo lija. Mayi Nsimbi atauzidwa anangoti chabwino, ngati akumva za munthu wina. Anagulitsa wailesi, anagulitsa kabati. Achimwene awo, manyazi atawagwira, ankabwera ndi lole yawo akaweruka n'kuwazunguza m'madera akutali. Iwowo ndiwo anayamba kunena, mosamala, kuti mwina ndi bwino kukaonanso kunyumba yachisoni ya chipatala chachikulu.

Mayi Nsimbi anapita okha. Wogwira ntchito kumeneko, bambo wa nsapato za mphira, anati kuli mtsikana amene anapezeka m'mbali mwa njanji ndipo palibe wabwera kudzamuzindikira. Anawatsogolera m'chipinda chozizira, nakoka shelefu. Mayi Nsimbi anayamba ayang'ana mapazi, chifukwa nkhope sanathe. Zala zake zinali zazitali. Za Katsabola zinali zazifupi ngati za bambo ake. Anatuluka akuthamanga, n'kukasanza kuseri kwa khoma. Anayamika Mulungu mokweza, ndipo pomwepo anachita manyazi, pokumbukira kuti nayenso uja ali ndi mayi ake amene akuyenda kwinakwake ndi chithunzi m'manja.

Atachoka pamenepo masiku anawasokonekera. Munthu amene ankadziwa tsiku ndi fungo la zovala tsopano ankafika pa ofesi n'kupeza potseka, mlonda n'kuwauza kuti lero ndi Lamulungu. Mvula inayamba. Ikamagwa sankabisala, chifukwa ankaganiza kuti mwana wawo ikumugwera kwinakwake, ali ndi masilipasi okha. Juzi lija ankayenda nalo m'chikwama kulikonse. Oyandikana nawo anayamba kunong'onezana kuti mayiwa mutu wayamba kuwazungulira. Mkazi wa mwini sitolo ankawaikira chakudya pakhomo, m'mawa n'kuchipeza chili chomwecho.

Wamawotchi sanatsegulenso bokosi lake nthawi yonseyo. Anali munthu wa bondo lovuta, koma ankayenda mpaka kutupa. Iye ndiye anaganiza zosiya kufunsa za nkhope, poti nkhope inali itasintha, n'kumafunsa ngati pali amene wamva mtsikana wolankhula yekha mawu achilendo. Anafunsa choncho kwa madalaivala a pa depoti, mmodzimmodzi, mpaka wina amene ankayenda njira ya kumafakitale anati pamalo pomwe amadyera masana pali mtsikana wotsuka mapoto amene salankhula ndi munthu, koma mbale ikagwa amagwada n'kuyamba kulankhula zosamveka.

Iye ndi Mayi Nsimbi anakafika kumeneko chakumasana. Inali nyumba yamalata yodyeramo antchito, ya mabenchi ataliatali, utsi uli tolo. Mwini wake, mayi wonenepa wa mawu aakulu, anati mtsikanayo anangotulukira tsiku lina mvula ikugwa, anaima pakhomo lakuseri, kenako popanda womuuza anatola poto n'kuyamba kukwecha. Anamuthamangitsa, anabwereranso. Ndiye anamusiya, ankamupatsa chakudya, n'kumugoneka mosungira makala. Anati anakanena kwa apolisi a pafupi, koma iwo anati ngati sakuvutitsa munthu amusunge kaye.

Kuseri kwa nyumbayo kunali mpopi ndi matope. Mtsikana anali atanjuta pamenepo, msana kwa iwo, akukwecha poto wamkulu ndi mchenga. Khosi lake linali ngati la mwana. Mayi Nsimbi anayang'ana mapazi, n'kuona zala zazifupi zija zili m'matope.

Anamuitana dzina lake lenileni. Mtsikanayo sanacheuke. Anakweza mapewa ngati akuyembekezera kumenyedwa, anafulumizitsa dzanja, n'kunena mawu angapo m'chilankhulo chija. Mayi Nsimbi anayang'ana Wamawotchi.

"Akuti watsala pang'ono kumaliza, madamu," anatero mkuluyo motsitsa mawu.

Mayi Nsimbi anagwada m'matopemo pambali pake. Sanamukhudze. Anatola poto wina ndi mchenga, n'kuyamba kukwecha nawonso. Anakwecha choncho awiriwo, madzi a pampopi akudontha, anthu odya ataunjikana pakhomo. Patapita nthawi dzanja la mtsikanayo linayamba kuchedwa. Anayang'ana mkono umene unali pafupi ndi wake, wa zipsera za nsimbi, anautsata ndi maso mpaka paphewa, mpaka kumaso.

"Mayi," anatero. "Ndinakudikirani."

Mayi Nsimbi anafuna kufotokoza za masiku, za kuwerenga, za Lamulungu ndi Lolemba, koma zonse zinali zopanda mutu pamaso pa mwanayo. Anangotulutsa juzi m'chikwama n'kumuveka, dzanja limodzi kenako linalo, ngati kamwana.

Anamutengera kuchipatala, kumene anagonako kwa kanthawi. Dokotala anati mabala a m'manja ndi kumsana apola, koma zam'mutu zimatenga nthawi yake, mwina zaka, ndipo sanalonjeze kanthu. Anawapatsa mankhwala omugonetsa ndi tsiku lobwereranso. Mayi Nsimbi anamufunsa dokotalayo kuti atchule tsikulo kawiri, kenako anafunsanso namwino panja.

Zimene zinachitika kutsidya kuja Katsabola sanazinene zonse, ndipo mayi ake anasiya kufunsa ataona kuti funso lililonse limamubweza m'mbuyo. Ankadziwa tizidutswa: kuti foni anamulanda, kuti ankamutsekera, kuti anathawa kudzera pakhonde. Pakamwa pakuthwa paja panali patatsekeka. Ankadya atatembenukira kukhoma, mofulumira. Munthu akakweza mawu mumsewu ankadzuka n'kuyamba kufunafuna chokolopera. Nthawi zina ankakhala bwino tsiku lonse, n'kuthandiza kupinda zovala, kenako mawa lake osatuluka m'bulangete.

Mayi Nsimbi anagula nsimbi yakale pamsika n'kuyamba kusitira anthu a m'deralo pakhomo pawo: mayunifolomu a ana asukulu, malaya a alonda, madiresi a ukwati mwa apo ndi apo. Ndalama zake zinkakwanira lendi ndi mankhwala movutikira, miyezi ina osakwanira. Dzanja lawo lamanja linayamba kuchita dzanzi m'mawa, moti ankalimiza kaye m'madzi ofunda lisanagwire nsimbi. Sankauza munthu. Chimene chinkawadya mumtima chinali choti dzanjali likadzakana, kapena iwo akadzagona osadzuka, mwanayu adzakhala wa yani. Achimwene awo anali ndi ana awo asanu ndi mkazi wosafuna za odwala.

Wamawotchi anabwerera pa benchi yake, koma makasitomala ambiri anali atapeza kwina. Ankabwera kudzawaona atanyamula buledi, n'kukhala panja pa mpando wa pulasitiki. Mayi Nsimbi ankamupatsa tiyi. Sanamuuzepo kuti anamukhululukira, ndipo iye sanafunse. Katsabola ankamuopa poyamba, poti mkuluyo ankadziwa mawu a kutsidya kuja, koma pang'onopang'ono anazolowera, mpaka tsiku lina anamuuza kuti malaya ake ali ngati anatafunidwa ndi ng'ombe, avule amusitire. Mayi ake anatembenukira kukhoma kuti asaonetse nkhope. Anali mawu oyamba achipongwe kuchokera pamene anabwera.

Patapita miyezi, mayi wonenepa wa kumafakitale uja anafika pakhomo. Anati amene anamulemba m'malo mwa mtsikanayo ndi waulesi, ndipo ngati angalole, Katsabola azibwera kudzagwira ntchito theka la tsiku, yolipidwa, osati ngati kale. Mayi Nsimbi anakana nthawi yomweyo. Anati mwana wawo watsukira anthu mapoto mokwanira moyo wake wonse, ndipo sadzachokanso pamaso pawo. Mawuwo asanathe, Katsabola analankhula ali pa matiresi.

"Ndikufuna ndizipita, mayi. Muno ndikumangomva mutu wanga."

Anakangana mofatsa masiku angapo. Dokotala atafunsidwa anati ayesere. Choncho anayamba kupita. M'mawa uliwonse ankakwera limodzi minibasi ya kumafakitale. Katsabola ankalowa kuseri kwa nyumba yamalata, ndipo mayi ake ankawoloka msewu n'kukhala pa mwala pansi pa chikwangwani cha fakitale ya simenti, pomwe ankatha kuona mpopi. Zovala za anthu zinkawadikira kunyumba mpaka masana, ena ankadandaula, ena anasiya kubweretsa. Mwini malowo anawaitana kangapo kuti adzakhale mkati pamthunzi, koma iwo ankati ali bwino pomwepo. Malole ankadutsa n'kuwathira fumbi loyera, ndipo lole ikatchinga mpopiwo ankaimirira mpaka itadutsa.